Mphamvu ku anthu: kodi khonsolo imalamulira ndalama ziti?

Mawu oti "mphamvu ku anthu" anayamba kumveka kwambiri m'dziko muno m'chaka cha 1998, pamene boma linavomereza ndondomeko yopereka mphamvu ku maboma ang'onoang'ono, ndipo Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Local Government Act. Lamuloli linapatsa makhonsolo udindo wokonza mapulani a chitukuko, kupanga malamulo ang'onoang'ono a m'dera lawo, kutolera ndalama, komanso kuyang'anira sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono, misika ndi misewu ya m'madera. Phunziro la ulendo uno likuunika mbali ya zachuma, chifukwa mkangano wa anthu ndi khansala wawo kawirikawiri umayambira pomwepo: mlatho unalonjezedwa, koma mpaka mvula yagwanso sunamangidwe.

Ndalama za khonsolo zili ndi magwero awiri akuluakulu. Loyamba ndi boma lalikulu. Ndalama zochokera ku Capital Hill zimagawidwa motsatira malangizo a bungwe la National Local Government Finance Committee, lomwe linakhazikitsidwa ndi Malamulo Oyendetsera Dziko, ndipo limaunikanso bajeti ya khonsolo iliyonse. Ndalamazi n'zochuluka, koma zambiri zimafika zitalembedwa kale ntchito yake. Ya maphunziro ndi ya maphunziro, ya zaumoyo ndi ya zaumoyo. Ngakhale makhansala onse atagwirizana kuti chosowa chachikulu m'boma ndi chimbudzi cha pamsika, sangatape ndalama ya ulimi n'kukamangira chimbudzicho. Pa ndalama zoterezi khonsolo ili ngati wamtengatenga: katundu ali pamutu pake, koma mwini wake ndi wina.

Ndondomeko ya 1998 ija inanena kuti boma lizipereka ku makhonsolo ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse ya zomwe latolera, kupatula thandizo lochokera kunja, kuti zigwire ntchito za chitukuko. Kwa zaka zambiri makhonsolo akhala akudandaula kuti zomwe amalandira sizifika pamenepo, ndiponso kuti zimabwera mochedwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Gwero lachiwiri ndi ndalama zomwe khonsolo imatolera yokha: matikiti a pamsika ndi pa depoti, ziphaso za bizinesi, lendi ya malo ndi nyumba za khonsolo, ndiponso msonkho wa malo ndi nyumba. Apa ndi pamene mphamvu yeniyeni yagona, pakuti pa ndalama izi makhansala ndiwo amagamula chochita. Apanso ndi pamene mizinda imasiyana ndi maboma. Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba amadalira kwambiri msonkho wa malo ndi nyumba, popeza ali ndi mafakitale, masitolo ndi nyumba zamtengo wapatali. Khonsolo ya boma, yomwe anthu ake ambiri amakhala pa malo a makolo, imadalira msika. Ndalama ya pamsika imakwera nthawi yokolola, n'kutsika m'miyezi ya njala, pomwe malipiro a alonda, osesa ndi otolera matikiti sadikira nyengo.

Chitsanzo cha Mzuzu n'choyenera kuchilingalira mofatsa. Lamulo limafuna kuti kaundula wa nyumba zokhoma msonkho azikonzedwanso pakatha zaka zisanu, koma ntchitoyo imadya ndalama zambiri chifukwa akatswiri owerengera mtengo wa nyumba ndi ochepa. Zotsatira zake n'zakuti mzinda umakula, kaundula osakula. Cha m'ma 2013 khonsolo ya Mzuzu inayamba njira yosavuta: kulemba nyumba iliyonse ndi kuipatsa mapointi poona kukula kwake, zomangira zake ndi dera lomwe ili. Nyumba za m'kaundula zinachoka pa pafupifupi 10,000 kufika pa 40,000, ndipo msonkho wotoleredwa pachaka unakwera kuchoka pa K50 miliyoni kufika pa K350 miliyoni pofika 2018. Chinsinsi chake sichinali kufinya anthu omwe ankalipira kale ayi, koma kupeza omwe sanali kudziwika n'komwe. Khonsoloyo inayesetsanso kuti olipira aone ndi maso kumene ndalama yapita, monga pa magetsi a mumsewu ndi kuchotsa zinyalala. Munthu akaona nyali yayaka kutsogolo kwa sitolo yake, kalata ya msonkho saikwinyira nkhope ngati kale.

Komabe mphamvu ya khonsolo ili ndi malire, ndipo anthu a m'mawadi ayenera kuwadziwa asanaloze chala khansala. Malamulo ang'onoang'ono omwe khonsolo yapanga sagwira ntchito Nduna ya Maboma Ang'onoang'ono isanawavomereze. Khonsolo singangodzuka n'kukakongola ndalama zambiri ku banki popanda chilolezo. Kuyambira pamene lamulo linasinthidwa mu 2010, bwanamkubwa amasankhidwa ndi nduna, osati ndi makhansala. Ena amaona malirewa ngati chingwe chomangira mbuzi. Ena amati popanda malirewa chuma cha anthu chikanasakazidwa koposa. Onse ali ndi mfundo, koma sizingatsutsike kuti khonsolo yodikira chilolezo pa chilichonse imachedwa kuyankha madandaulo a anthu.

Mbiri nayo inasiya chipsera. Makhansala oyamba pansi pa lamuloli anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha mu 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi bajeti ya khonsolo inkadutsa popanda woimira wadi wosankhidwa ndi anthu woti afunse mafunso. Chizolowezi choona ndalama za khonsolo ngati "za boma", zopanda mwini, chinazika mizu, ndipo sichinazulike chonse.

Chizolowezichi chimaonekera pa zinthu zazing'ono. Wamalonda akapatsa wotolera theka la ndalama kuti asalembe tikiti, onse awiri amaona ngati apindula, koma ndalama yotayikayo ndi ya m'gulu lija lomwe khonsolo ili ndi ufulu wogwiritsa ntchito pa zofuna za dera. Choncho wolipira aliyense ayenera kulandira tikiti kapena risiti ya khonsolo ndi kuisunga. Zofuna za mudzi zimadutsa ku VDC ndi ku ADC zisanafike m'mapulani a boma, ndipo misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu. Khansala akabwera kudzapereka lipoti ku wadi, komiti ya msika ili ndi ufulu womufunsa kuti msika wawo watolera ndalama zingati m'miyezi itatu yapitayi, ndi kuti mwa ndalamazo zingati zabwerera kudzakonza pamsikapo.