Kuimika Swala: Zimene Muzu wa Mawu ndi Aperekezi Atatu Akutiphunzitsa

Khutba yoyamba

Kutamanda ndi kuyamika zikhale kwa Allah, amene anasankha Chiarabu kukhala chotengera cha Buku lake. Ndikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo wake ndi Mtumiki wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake ndi pa maswahaba ake onse. Ndikudzilangiza ndekha, ndi kukulangizani inu akapolo a Allah, kuti timuope Iye mobisika ndi moonekera. Ma ayah amene tawerenga lero ndi a m'Sura 23 (Al-Mu'minun), kuyambira 1 mpaka 11.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ife a m'mizikiti ya Mandimba, Ngauma ndi Cuamba timawerenga Qur'an m'Chiarabu, kunyumba timalankhula Chichewa, Chiyao kapena Chimakuwa, ndipo ana athu kusukulu amaphunzira m'Chipwitikizi. Tanthauzo likamasamuka kuchoka m'chilankhulo china kulowa m'china, pali kanthu kamene kamatsalira, monga ufa umene umakanirira m'thumba pokhuthulira m'lichero. Pa nkhani ya Swala, kamene kamatsalirako nthawi zina ndiko kali ndi lamulo.

Tiyambe ndi muzu. M'Chichewa timati kulima, mlimi, ulimi, kulimitsa, ndipo mwana aliyense amamva kuti mawu onsewa amera pamalo amodzi. Chiarabu chimachitanso chimodzimodzi, koma mizu yake yambiri ndi ya zilembo zitatu. Kaf, ta ndi ba zimabala kataba, kutanthauza kuti analemba, zimabala katib amene ndi mlembi, maktub chimene ndi cholembedwa, ndiponso kitab. Al-Khalil ibn Ahmad wa ku Basra, mphunzitsi wa Sibawayh, anasonkhanitsa mawu a Chiarabu motsatira mizu yake m'buku lotchedwa Kitab al-Ayn. Pambuyo pake Ibn Faris, amene anamwalira m'chaka cha 395 cha Hijra (1004), analemba Maqayis al-Lugha, momwe ankatenga muzu uliwonse ndi kufunafuna tanthauzo loyambirira limene nthambi zake zonse zimabwererako. Anthu amenewa sankachita izi pongokonda galamala. Ankaopa kuti munthu angawerenge ayah molondola pakamwa koma mtima wake ukumva zina.

Mawu akuti Swala amachokera ku swad, lam ndi waw, ndipo Aarabu ankawagwiritsa ntchito pa kupempha, kutanthauza duwa. Tanthauzo limeneli likuonekabe m'Sura 9 ayah 103, pamene Mtumiki (s.a.w.) akulamulidwa kupempherera anthu obweretsa Zakaat yawo, ndipo mneni wake ndi wa muzu womwewu. Palibe amene anamva kuti ankayenera kuwerama ndi kugwetsa nkhope pansi chifukwa cha iwo. Sharia itabwera inapatsa mawuwa tanthauzo lapadera: mawu ndi zochita zodziwika, zoyamba ndi takbir ndi kutha ndi salaam. Koma pempho lija silinachokemo, ndilo mtima wake.

Pano ndichenjeze aphunzitsi a m'madrasa. Timamva kawirikawiri kuti Swala imachokera ku swila, kulumikizana, popeza imalumikiza kapolo ndi Mbuye wake. Kuti Swala imalumikiza, ndi zoona. Koma swila imachokera ku waw, swad ndi lam, muzu wina ndithu. Kulima ndi kulimba akumveka mofanana, ndipo mlimi amalimbadi thupi, komabe sitiuza ana kuti mawu awiriwa ndi a mimba imodzi. Phunzitsani ubwino wa kulumikizanako popanda kuukhomera pa muzu umene si wake.

Tsopano mneni umene ukuyenda ndi Swala m'malamulo ambiri a Qur'an. Muzu wake ndi qaf, waw ndi mim. Qama ndiko kuti anaima. Mukaika hamza kutsogolo mumapeza aqama, kutanthauza kuti anachititsa chinthu kuima. Pano Chichewa chathu chikutithandiza kuposa Chipwitikizi, chifukwa ifenso timati kuima ndi kuimika. Onani Sura 2 ayah 43 ndi 110, Sura 11 ayah 114, Sura 17 ayah 78, Sura 29 ayah 45: ponseponse lamulo likubwera ndi mneni wa kuimika. Al-Raghib al-Isfahani, m'buku lake la mawu a m'Qur'an lotchedwa Al-Mufradat, anaona kuti kulamula Swala ndi kuyamikira anthu ake kumabwera ndi mneni umenewu, pofuna kusonyeza kuti chofunika ndi kukwaniritsa zofunikira zake zonse, popeza maonekedwe okha sakwanira. Alipo malo ochepa amene lamulo labwera ndi mneni wa kuswali wokha, monga Sura 108 ayah 2, koma mwambiri zili monga anaonera iye.

Aliyense amene anamangapo nyumba kapena chisakasa cha fodya akudziwa kusiyana kwa mtengo wogona pabwalo ndi mzati woimikidwa. Mtengo ndi womwewo. Koma kuti ukhale mzati mumakumba dzenje lakuya bwino, mumauwongola, mumatsendera dothi mbali zonse, kenaka mumaugwedeza kuti muone ngati wagwira. Mukauponya m'dzenje mothamanga, mvula yoyamba ya mphepo idzakuuzani. Kuimika Swala kuli chimodzimodzi: udhu wokwanira, nthawi yake, kulunjika ku Qibla, kubisa thupi, ndi kudekha pa kuwerama ndi pa sijida mpaka ziwalo zikhazikike, kumene mabuku a fiqh amati tuma'nina. M'mazhabu a Imam Shafi'i, amene ambiri kuno timatsatira, kudekha kumeneku ndi nsanamira, ndipo Swala yopanda iko siwerengedwa. Al-Bukhari ndi Muslim analandira kuchokera kwa Abu Hurayra nkhani ya munthu amene anaswali mumzikiti Mtumiki (s.a.w.) akuona, ndipo anabwezedwa katatu kuti akabwereze chifukwa anali asanaswali. Munthuyo anaima, anawerama, anagwetsa nkhope pansi. Chimene chinasowa ndi kudekha. Anaswali m'maso mwa anthu, koma sanaimike.

Muzu womwewu ukubala iqama, kuitana kwachiwiri kumene mumva posachedwapa. Ukubala mustaqim, njira yowongoka imene timaipempha m'Al-Fatiha ka 17 tsiku lililonse m'marakaa a faradhi okha. Ukubala Qiyama, tsiku limene anthu adzaimirire pamaso pa Mbuye wawo. Ndipo m'hadith ya Anas imene ili mwa Al-Bukhari, kuwongola mizere kwawerengedwa kukhala mbali ya kuimika Swala. Choncho amene amasiya mpata pakati pa iye ndi mnzake chifukwa mnzakeyo wachokera kumunda ndi malaya ong'ambika, adziwe kuti wapendeketsa mzati wa mzikiti wonse.

Tifike pa timawu ting'onoting'ono timene m'galamala timatchedwa aperekezi, ndipo Aarabu amati huruf al-jarr. Ndi atatu amene ndikufuna muwasunge: fi, ala ndi an. M'Chichewa fi ndi mu, ala ndi pa, ndipo an ndi kuchoka ku chinthu kapena kukhala kutali nacho. Onse atatu abwera pamodzi ndi mawu akuti Swala, ndipo aliyense akujambula munthu wosiyana.

M'Sura 23 ayah 2, okhulupirira opambana akutchedwa khashi'un, odzichepetsa ndi odekha mtima, ndipo mperekezi wake ndi fi. Kudzichepetsako kuli mkati mwa Swala, munthu atalowamo monga amalowera m'nyumba natseka chitseko. M'ayah 9 ya Sura yomweyo akutchedwa osunga, yuhafizun, ndipo mperekezi ndi ala. Uyu ndi mlonda woima pamwamba pa chinthu, monga mwana wokhala pansanja kuyang'anira munda anyani akamayandikira. Mneni wake uli m'nthawi yopitirira, kusonyeza ntchito yobwerezedwa tsiku ndi tsiku, ndipo m'kawerengedwe ka Hafs kamene tili nako m'mizikiti yathu, Swala yatchulidwa mochulukitsa pa ayah imeneyi, pamene pa ayah 2 yatchulidwa ngati imodzi. Kudzichepetsa ndi khalidwe limodzi lofunika m'Swala iliyonse, koma ulonda ndi wa zisanu zonse, iliyonse pa nthawi yake. Wosunga Jumu'a yokha, kapena Swala za mwezi wa Ramadhan zokha, sanafike pa ayah imeneyi.

Mperekezi wachitatu ndiye wasowetsa anthu ambiri tulo popanda chifukwa, ndi kugonetsa ena amene anayenera kudzuka. Sura 107 (Al-Ma'un), ayah 4 ndi 5, ikutchula tsoka kwa anthu ena oswali, ndipo ikuwatcha sahun, oiwala kapena osalabadira. Agogo athu ambiri akamva zimenezi amanjenjemera, chifukwa amasokonezeka pa chiwerengero cha marakaa, ndipo mayi amene mwana akulira pambali pake amaiwala ngati wakhala pa tashahhud yoyamba. Koma mperekezi wa pa ayah imeneyi ndi an. Sikunanenedwe oiwala m'Swala, kwanenedwa osalabadira amene atalikirana nayo. Al-Tabari analandira kuti Mus'ab anafunsa bambo ake, Sa'd ibn Abi Waqqas, ngati ayah imeneyi ikunena za maganizo amene amabwerera aliyense ali pa Swala, ndipo bamboyo anayankha kuti ikunena za kutaya nthawi yake. Ibn Kathir, amene anamwalira m'chaka cha 774 cha Hijra (1373), analemba kuti Ata ibn Dinar ankayamika Allah chifukwa chakuti panabwera an m'malo mwa fi. Zilembo ziwiri zokha, ndipo pa izo pakutsamira chifundo cha Allah pa ofooka onse a Ummah uno.

Mtumiki mwini (s.a.w.) anaiwalapo m'Swala. Tsiku lina anapereka salaam atangoswali marakaa awiri pa Swala ya marakaa anayi, mpaka swahaba wotchedwa Dhul-Yadayn anamukumbutsa. Tsiku lina anaimirira osakhala pa tashahhud yoyamba ya Dhuhr. Kuchokera apo tinaphunzira sijida ziwiri za kuiwala, sujud al-sahw, dzina lochokera ku muzu womwewo wa sahun. Ngati mwakayika pakati pa marakaa atatu ndi anayi, tengani atatu amene muli nawo chitsimikizo, onjezani imodzi, ndipo chitani sijida ziwiri musanapereke salaam. Swala yanu yaima. Musaibwereze kawiri katatu chifukwa cha manong'onong'o a Satana.

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha Allah andikhululukire ine ndi inu. Mupempheni chikhululuko.

Khutba yachiwiri

Kuyamika nkwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake. Opani Allah, inu akapolo ake.

Ngati an ikunena za kutaya nthawi, tiyenera kudziwa kuti nthawiyo anaiika ndani. Sura 4 ayah 103 ikutcha Swala kitab, kutanthauza lamulo lolembedwa, ndipo ikuwonjezera mawu akuti mawqut, ochokera ku waw, qaf ndi ta, muzu wa waqt, nthawi. Kapangidwe ka mawqut ndi kofanana ndi ka maktub: ndi dzina la chinthu chimene wina wachichitira kale. Cholembedwa sichidzilemba chokha, ndipo choikiridwa nthawi sichidziikira. Zindikiraninso kuti ayah imeneyi ikubwera motsatira ma ayah 101 ndi 102, amene akunena za Swala ya paulendo ndi ya pankhondo. Kumeneko marakaa ndi kaimidwe zinapepukitsidwa, koma Swalayo sinachotsedwe.

Wamalonda wa pamsika wa Mandimba kapena wa pachipata cha malire chopita ku Chiponde, amene amaona Dhuhr ikudutsa chifukwa ogula achuluka, kenaka naunjika Swala zonse usiku, ayeze yekha kuti ali pansi pa mperekezi uti. Iye si wapaulendo. Wolima nayenso si wapaulendo, ngakhale munda uli patali ndi mudzi. Nyengo ya kupalira ikafika, tengani madzi a udhu pamodzi ndi akumwa, ndipo dothi loyera la m'mbali mwa munda likukwanirani kuswalirapo. Wopanda wotchi aimike mpini wa khasu: Dhuhr imalowa dzuwa likapendeka kuchoka pamutu, ndipo imatha mthunzi ukafanana kutalika ndi mpiniwo, kuwonjezera kamthunzi kamene kanalipo dzuwa lili pamutu. Pamenepo Asr yalowa.

Wapaulendo weniweni ali ndi chilolezo, ndipo asachite manyazi kuchitenga. M'mazhabu a Shafi'i ulendo wa makilomita pafupifupi 80 kapena kupitirira umaloleza kufupikitsa Swala za marakaa anayi kukhala awiri, ndi kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, kapena Maghrib ndi Isha. Wokwera chapa kuchoka ku Mandimba kupita ku Cuamba kapena ku Lichinga, ndi wokwera sitima ya pamtunda kuchoka ku Cuamba kupita ku Nampula, onse adutsa mtunda umenewu. Chilolezo chimayamba mukatuluka m'nyumba za tauni yanu. Ngati mukufuna kuchedwetsa Dhuhr kuti mukaiswali pamodzi ndi Asr, ikani niya ya kuchedwetsako nthawi ya Dhuhr isanathe. Wochita zimenezi akadali mlonda wa Swala yake ngakhale ali pampando wa galimoto, chifukwa waikumbukira pa nthawi yake naisungira malo amene Sharia yaloleza. Amene wangoiwala za izo mpaka dzuwa kulowa, niya imeneyi alibe.

E Allah, dalitsani Mtumiki wanu Muhammad ndi akubanja lake. Khululukirani okhulupirira aamuna ndi aakazi, amoyo ndi amene anatsogola. Chiritsani odwala athu, dalitsani minda yathu, ndipo ife ndi ana athu tichiteni kukhala oimika Swala.

Imirirani, tsekani mipata, wongolani mizere. Muadhini, iqama.