ZA NSOMBA YOSAMBIRA CHAGADA

M'dziko la Congo muli mtsinje waukulu, woposa Zambezi kuchuluka kwa madzi. M'malo ake odikha, pansi pa mitengo yakugwa ndi masamba oyandama, mukhala kansomba kodabwitsa. Kali pa chibale ndi nkholokolo wa m'nyanja ya Malawi. Kali nazo ndevu zisanu ndi imodzi, ndi minga yakuthwa pa zipsepse, koma mamba kalibe. Utali wake supitirira mainchesi 4. M'chaka cha 1936 anthu ophunzira anakatcha Synodontis nigriventris, ndipo liwu lachiwirilo litanthauza "mimba yakuda."

Msodzi akaona nsomba ili chagada pamadzi, adziwa kuti yafa kapena idwala. Koma kansomba aka kasambira chagada kali ndi moyo ndi mphamvu. Chifukwa chake nchiyani?

Pakamwa pake pali kunsi kwa mutu, monga pa abale ake akufuna zakudya m'matope. Koma zakudya zake zambiri zili kumwamba: tizilombo togwera m'madzi, ana a udzudzu, ndi ndere zomera kunsi kwa masamba. Tsono kakatembenuka, pakamwa paloza kumene kuli zakudyazo, ndipo kadya kosavutika. Ndiponso madzi a m'madambo akasowa mpweya, apamwamba ndiwo akhala nawo wambiri. Pamenepo kapuma bwino, pakamwa pali pafupi ndi mlengalenga.

Maonekedwe akenso atembenuka. Nsomba zambiri zili ndi msana wakuda ndi mimba yoyera. Mbalame ikayang'ana pansi, msanawo ufanana ndi madzi akuya. Mdani wa m'madzi akayang'ana kumwamba, mimbayo ifanana ndi kuwala kwa thambo. Kansomba aka kakadakhala ndi mimba yoyera, mbalame zikadakaona msanga ndi kukagwira. Koma mimba yake ndiyo ida koposa msana, kotero kabisika chagada chomwecho.

Tiana take tisambira poyamba monga nsomba zina. Ipite miyezi ngati iwiri, ndipo titembenuka.

Chimene chioneka ngati chilema pa kansombaka ndicho chikadyetsa ndi kukapulumutsa.

MAFUNSO
1. Kansomba aka kakhala mumtsinje uti?
2. Kapindulanji posambira chagada?
3. Mimba yakuda ikateteza bwanji?
4. Tchulani mbale wake wa m'nyanja ya Malawi.