PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUCHEUKA M'MBUYO TILI PAKATI PA ULENDO

Mawu owerenga: Numeri 11:4-9, Rute 1:1-22, Yoswa 4:1-9

Mawu oyamba

Ndikulemba kuchokera kuno ku Mchinji, kumalire ndi dziko la Zambia. Phunziro la mwezi uno likukhudza makamaka ife amene tafika pamsinkhu wapakati. Utsikana tinausiya kale, koma ndodo sitinayambe kugwira. Ana akula ndipo ena achoka pakhomo. Makolo amene anatibala ayamba kutisiya mmodzimmodzi. Imvi zayamba kusuzumira m'mphepete mwa duku. Masiku ano pamaliro wina akafunsa kuti, "Kodi akuluakulu ali kuti?" timayamba tacheuka kuwafunafuna, kenaka n'kuzindikira kuti akunena ife.

Pamsinkhu umenewu munthu amakumbukira zambiri. Usiku tulo tikathawa, maganizo amabwerera ku zakale, zokoma ndi zowawa zomwe. Tsono funso la phunziro lathu nali: kodi mayi wachikhristu azichita nazo chiyani zimene akukumbukira? Tiona njira zitatu zimene anthu a m'Baibulo anakumbukirira, kenaka tidzifunse kuti ife tili pa iti.

1. Kukumbukira zokoma n'kuiwala goli

Ine ndinabadwa mu 1972. Pamene njanji yochokera ku Lilongwe inafika pa Mchinji mu 1980, ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Amalume anatitenga ana tonse kukaona sitima, ndipo pobwerera anatigulira zigumu. Mpaka lero ndimanena kuti chigumu chokoma ngati chimenecho sindinadyenso. Ndimakumbukiranso thobwa la agogo, bowa wa m'mapiri a Mchinji mvula ikagwa, ndi futali wa maungu amene amayi ankatiphikira nsinjiro ili yochuluka. Ndimakumbukira amayi akusenda mtedza pakhonde, wailesi ili pa pulogalamu ya Zokonda Amayi.

Kukumbukira zoterezi si tchimo. Ndi mphatso ya Mulungu. Koma taonani zimene zinachitikira ana a Israele m'chipululu. Pa Numeri 11 tikuwapeza akulira chifukwa chokumbukira nsomba, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo za ku Aigupto. Zakudyazo ankadyadi, sananame ayi. Chimene anaiwala ndi chakuti ankadya ali akapolo, akuumba njerwa, ana awo aamuna akuponyedwa m'mtsinje. Lilime linakumbukira, msana unaiwala. Chifukwa cha ichi, mana amene Mulungu ankawapatsa m'mawa uliwonse anayamba kuwanyansa.

Nafenso timatero. Tikakhala pansi timati, "Kale kunali bwino, chimanga chinali pa ADMARC, ana ankamvera." Zina mwa izo n'zoona. Koma tisaiwale kuti kale lomwelo munthu ankabwezedwa pamsika chifukwa chosowa khadi la chipani, ndipo atsikana ambiri anzanga anasiyira sukulu panjira chifukwa cha fizi, popeza maphunziro aulere a pulaimale anayamba mu 1994. Tisaiwalenso kuti mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, tinkaika abale athu sabata ndi sabata popanda chowathandiza nacho.

Mayi amene amangotamanda zakale amavuta kukhala naye. Mpongozi akaphika, iye amati si mmene ankaphikira amayi ake. Kwaya ya achinyamata ikaimba, iye amati nyimbo zinatha kale. Pang'onopang'ono ana amayamba kumuzemba, ndipo mana amene Mulungu wamupatsa lero sawaona.

Ngakhale zokonda zathu zimasintha. Ine ndinali munthu wa masupuni atatu a shuga m'tiyi. Kuchipatala atandipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi anandilangiza kuchepetsa mchere, shuga ndi mafuta. Ndinadandaula ngati ana a Israele. Lero nkhwani wotendera wa mchere wochepa ndimaumva kukoma. Amayi anzanga, pamsinkhu uno thupi limasintha, ena tasiya kupita kumwezi, ena tikuyandikira. Tisachite manyazi kukayezetsa magazi, shuga ndi khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene apha amayi ambiri m'dziko muno. Thupi lija ndi chiwiya chimene tikutumikira nacho Mulungu.

2. Kukumbukira zowawa n'kusaona amene ali pambali pathu

Naomi anali mayi wa msinkhu wathu. Njala itagwa ku Betelehemu, iye ndi mwamuna wake Elimeleki anadutsa malire kupita ku Moabu. Ife a kuno tikuzidziwa zimenezi, chifukwa njala ikavuta anthu amadutsa pa Mwami kapena m'njira za m'midzi kukafuna chakudya kwa abale a tsidya lina. Naomi anakhala ku Moabu zaka ngati khumi. Anaika mwamuna, anaikanso ana ake aamuna awiri, Maloni ndi Kiliyoni. Pobwerera kwawo anakana dzina lake n'kupempha kuti azimutchula Mara, dzina lotanthauza kuwawa, ndipo anauza amayi a m'mudzi kuti wabwerako chimanjamanja.

Kodi analidi chimanjamanja? Pamene ankalankhula mawuwo, Rute anali ataima pambali pake. Chisoni chinamutseka maso mpaka sanamuwerengere mpongozi amene anasiya kwawo chifukwa cha iye.

Pano ndiloleni ndikuuzeni nkhani yanga, chifukwa sindingakuphunzitseni chimene ine ndabisa. Ambiri mukukumbukira njala ya 2002. Mu February chaka chimenecho boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Anthu ankadya gaga, ena mizu ya nthochi, ena chimanga chosakhwima. Ine ndinali ku chitengwa pafupi ndi boma, ndili ndi ana atatu. Tinali ndi thumba limodzi ndi theka la chimanga, titabisa kunsi kwa bedi.

Tsiku lina kunabwera akulu anga, obadwa bere limodzi, mwana wawo wotsiriza ali kumsana. Anayenda wapansi kuchokera kumudzi. Atakhala pamphasa anati, "Mng'ono wanga, ngakhale kambale kamodzi kokha, mwanayu ndikamuphikire phala." Ine ndinayang'ana ana anga, ndinawerenga masabata otsala kuti tikolole, ndipo ndinayankha kuti, "Akulu, ifenso chatithera." Ndinawapatsa madzi akumwa, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Mwezi wotsatira mwana uja anamwalira.

Pachikhalidwe chathu mwana wa akulu ako ndi mwana wako. Ine ndinali mayi wake wamng'ono. Pamaliro ndinalira kuposa onse, ndipo anthu ankaona ngati n'chikondi. Kuyambira pamenepo ine ndi akulu anga tinkangopatsana moni wa pamaliro ndi paukwati. Sitinakanganepo, koma sitinadyerenso mbale imodzi. Ndinavala yunifomu ya Mothers' Union, ndinakhala mlembi wa nthambi yathu, ndinalangiza maanja ambiri, uku thumba lija likadali kunsi kwa bedi la mtima wanga. Ana anga anakula osawadziwa bwino abale awo, ndipo sankadziwa chifukwa chake.

Zaka makumi awiri zinatha. M'nyengo ya Lenti ya 2022, chaka chimene ndinakwanitsa zaka 50, abambo wansembe analalikira pa Mateyu 5:23-24, pamene Ambuye Yesu akuphunzitsa kuti munthu ayambe wayanjana ndi mbale wake asanapereke chopereka paguwa. Mawuwo ndinali nditawamva kambirimbiri. Tsiku limenelo chimene chinandigwira ndi kuwerenga zaka. Amayi athu anamwalira ali ndi zaka zosakwana 70, ndipo akulu anga anali atadutsa kale 60. Ndinadzifunsa kuti, "Kodi ndikudikira kukapepesa pa bokosi?"

Pasaka itatha ndinakwera galimoto, ndinadutsa pa Mwami kupita ku Chipata, kumene akulu anga akukhala ndi mwana wawo wamwamuna chimwalirireni alamu. Ulendo wake ndi waufupi, koma unanditengera zaka makumi awiri. Nditafika ndinagwada n'kunena zonse. Iwo anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndinkadziwa. Ndinaona gaga watsopano m'lichero kuseri kwa chitseko. Kaya mwanayo akanachira kaya ayi, adziwa ndi Mulungu. Chimene chinandiwawa ine si chimanga, koma kuti mwana wa mayi anga anandinamiza." Tinalira tonse awiri. Madzulo anatuma mdzukulu kukathyola dzungu, anasinja mtedza, n'kuphika futali monga ankaphikira amayi. Tinadyera mbale imodzi.

Sindikunena kuti zonse zinatha tsiku limenelo. Mwana uja sanabwerere, ndipo masiku ena akulu anga amakhalabe chete ndikalowa. Koma tsopano timayenderana, ndipo adzukulu athu akudziwana. Pamapeto pa buku la Rute tikumuona Naomi atafungatira Obedi, amene anadzakhala agogo a mfumu Davide. Ana ake awiri sanauke, komabe dzina la Mara silinamukhalire.

3. Kukumbukira koimika miyala

Ana a Israele ataoloka Yordano, Mulungu analamula Yoswa kuti amuna khumi ndi awiri atole miyala khumi ndi iwiri pakati pa mtsinje. Cholinga chake chinali chakuti ana akadzafunsa za miyalayo, makolo adzawafotokozere zimene Mulungu anachita. Onani kuti miyalayo inatoledwa pamalo oopsa, pamene madzi akanatha kuwamiza. Sanaisiye pansi pamadzi, komanso sanaisenze moyo wawo wonse. Anaiimika poonekera, n'kupitiriza ulendo.

Uku ndiko kukumbukira koyenera mkhristu. Timanena zoona za pamene tinadutsa, timathokoza pa zokoma, timalapa pamene tinalakwa, timakhululuka pamene anatilakwira, ndipo timauza ana. Ine ana anga ndinawauza nkhani ya thumba lija. Zinali zochititsa manyazi, koma mwana wanga wamkazi anadzandiuza kuti palibe ulaliki umene unamugwira mtima ngati umenewo.

Tisaganize kuti pamsinkhu uno ntchito yathu yatha. Mayi Mary Sumner, amene anayambitsa Mothers' Union, anabadwa mu 1828. Pamene anaitana amayi a parishi ya Old Alresford ku England mu 1876, anali ndi zaka 47, ndipo chimene chinawadzutsa mtima ndi kuona mwana wawo wamkazi atabereka mwana woyamba. Anakumbukira mmene iwo anavutikira ndi umayi popanda owagwira dzanja. Pamsonkhano woyamba anachita mantha mpaka amuna awo, omwe anali wansembe, ndiwo analankhula m'malo mwawo. Sabata yotsatira analimba mtima n'kutsogolera okha. Anamwalira mu 1921, ndipo timawakumbukira pa 9 August chaka chilichonse. Bungwe limene lafika mpaka kuno mu Dayosizi ya Lake Malawi linayamba ndi gogo wamantha amene anasandutsa zokumbukira zake kukhala thandizo la amayi ena.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma ana adzafunsa bwanji ngati ife sitinaimike mwala uliwonse? Pa Tito 2:3-5 Paulo akupereka kwa amayi achikulire ntchito yophunzitsa amayi achitsikana. Sitingawaphunzitse ndi malamulo okha. Amafuna kumva pamene ifenso tinaterereka, ndi mmene Mulungu anatidzutsira.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani chakudya, nyimbo kapena malo amene amakukumbutsani ubwana wanu. Kodi mumathokoza nazo Mulungu, kapena mumanyoza nazo za lero?

2. Naomi sanamuone Rute ali pambali pake. Kodi ndani amene Mulungu waika pambali panu, amene simumuwerengera?

3. Kodi n'chifukwa chiyani kupepesa kwa mbale wa bere limodzi kumavuta kuposa kupepesa kwa munthu wapadera?

4. Ngati wina wapepesa koma wolakwiridwayo sanakonzeke kukhululuka, gulu lathu lingathandize bwanji popanda kukakamiza kapena kuulutsa nkhani?

Ntchito ya kunyumba

Mayi aliyense atole timiyala titatu. Woyamba ukhale wa chinthu chimene akuthokoza, wachiwiri wa pamene moyo wake unakhotera, wachitatu wa nkhani imene sanaikonze. Iwiri yoyambayo aifotokoze kwa mwana kapena mdzukulu. Wachitatuwo aupempherere, ndipo ngati munthuyo akadali moyo, asankhe tsiku lokamuona. Atsogoleri a magulu akumbutse amayi kuti zokambidwa m'gulu zithere m'gulu momwemo.

Pemphero

Atate wachifundo, Inu amene mwatiyendetsa kuyambira m'mimba mwa amayi athu kufikira lero, tikuthokozani chifukwa cha zokoma zimene tinalawa ndi mitsinje imene munatiolotsa. Tikhululukireni pamene tinatseka dzanja ndi pamene tinabisa choonadi. Tipatseni kulimba mtima kuti tikonze zimene zingakonzeke nthawi ikadalipo, ndi mtendere pa zimene sitingathe kuzibweza. Zaka zimene zatitsalira zikhale zothandiza ana athu, mabanja athu ndi Mpingo wanu. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.