Amalume Ankati Akutsuka M'mimba

Mu Januwale 2024 boma linasandutsa National Heroes Stadium kukhala malo ogonekapo odwala kolera, ndipo mantha anagwira Lusaka yense. Masukulu sanatsegulidwe mpaka mu Febuluwale. Mliriwo usanazilale, anthu oposa 700 anali atamwalira m'dziko muno. Ndi masiku amenewo pamene amalume anga a ku Kabwata anakwera minibasi kupita m'tauni n'kubwerako ndi kapepala kodzaza cipro ndi makapisozi a amoxicillin, ogula popanda kalata ya dokotala. Anawaika m'chitini chakale cha tiyi pamwamba pa kabati.

Amalume ndi munthu waukhondo, wosadya chilichonse asanasambe m'manja ndi sopo. Chimene chinawasokoneza ndi maganizo amene ambirife tinakula nawo, akuti kachilombo kalikonse ndi mdani. M'mimba mukangolira pang'ono, ankatsitsa chitini chija. Akadya ku maliro, ankamwa awiri pobwera. Tsiku lina ndinawapeza akumeza ndi tiyi, ndipo nditafunsa anati, "Ndikutsuka m'mimba, mphwanga. Kolera sayenda ndi belu." Ndinangokhala chete, ndipo chete ameneyu amandipweteka mpaka lero.

Kolera itapita, chizolowezi chinatsala. Patapita miyezi ingapo anayamba kutsekula m'mimba kwamadzimadzi, kwafungo loipa, kangapo pa tsiku. Iwo anawonjezera mankhwala omwewo. Mmene tinkawatengera kuchipatala n'kuti lamba akumangira pabowo latsopano loboola ndi msomali, milomo itauma, kuyenda kochita kuwagwirira. Kolera sanawapeze nayo. Dokotala atamva za chitini chija anapukusa mutu nati, "Bambo, mwathamangitsa alonda, ndiye akuba alowa."

Alonda ankanenawo ndi mabakiteriya okhala m'matumbo. Mu 2016 akatswiri a ku Weizmann Institute ku Israel anawerengera kuti munthu wamkulu amanyamula mabakiteriya pafupifupi 38 thililiyoni, ndipo ochuluka zedi amakhala m'thumbo lalikulu. Sakhalamo mwaulere. Ulusi wa m'nyemba, m'chibwabwa, m'bondwe ndi m'gaga wa chimanga, umene thupi palokha silingathe kugaya, iwo ndiwo amauphwanya. Pophwanyapo amatulutsa timafuta tina, monga butyrate, timene ndi chakudya cha khungu la m'kati mwa thumbolo, kuti likhale lolimba, losalola zoipa kudutsira m'magazi. Ena amapanga vitamini K, wothandiza kuti magazi aundane munthu akavulala. Amaphunzitsanso chitetezo cha m'thupi kusiyanitsa mlendo wabwino ndi woipa kuyambira tili makanda.

Koma ntchito yawo imene inandifika pamtima ndi yongokhala. Munda wodzaza mbewu udzu umasowa pomera. Mabakiteriya abwino akadzaza malo onse n'kudya chakudya chonse, oipa amasowa pogwira. Mankhwala ngati cipro sasankha, amasesa zonse pamodzi, ndipo pabwalo poyerapo pamamera zolimba mutu monga Clostridioides difficile, kachilombo kodziwika potsekulitsa m'mimba anthu amene amwa maantibayotiki, makamaka okalamba. Ndi kameneka kamene dokotala anakaganizira mwa amalume.

Kubwerera mwakale sikuchitika msanga. Mu 2011 Les Dethlefsen ndi David Relman a ku Stanford anasindikiza zimene anaona mwa anthu atatu amene anamwa ciprofloxacin, cipro yemweyo, maulendo awiri pa miyezi khumi. Mitundu ya mabakiteriya inkachepa pamasiku atatu kapena anayi okha, ndipo ngakhale yambiri inabwerera, m'mimba simunakhalenso ndendende ngati kale. Awo anali maulendo awiri okha, oyezedwa bwino. Amalume anasiya kuwerenga.

Musandimve molakwa, maantibayotiki apulumutsa abale athu osawerengeka ku chibayo, chifuwa chachikulu ndi mabala oola. Ngakhale wodwala kolera kwambiri amapatsidwa, koma chomupulumutsa choyamba ndi madzi obwezeretsa amene wataya. Kutsekula m'mimba kwa ana nthawi zambiri kumayamba ndi mavairasi, amene maantibayotiki sawakhudza n'komwe, ndipo chofunika ndi madzi a ORS ndi zinc kwa masiku 10 mpaka 14. Chimandiwawa n'chakuti pali bungwe loyang'anira mankhwala la ZAMRA ndiponso lamulo loti mankhwalawa azigulitsidwa ndi kalata ya dokotala, komabe amalume anawagula ngati akugula machesi. Wogulitsa sanawafunse ngakhale chimene chikuwapweteka.

Anagonekedwa masiku angapo, pa diripi ndi mankhwala osankhidwa ndi dokotala. Potuluka anauzidwa za kadyedwe: nyemba, nandolo, ndiwo zamasamba zotendera, mbatata, nsima ya mgaiwa m'malo mwa ufa woyera wa breakfast umene ankaukonda. Mayi anga anayamba kuwatumizira munkoyo kuchokera ku Chelstone, wophika ndi madzi owiritsa, pamodzi ndi mabisi. Zakumwa zosasazi zili ndi mabakiteriya a lactic acid, ndipo akatswiri a University of Zambia ndi anzawo a ku Wageningen akhala akuzifufuza kwa zaka zambiri. Si mankhwala ayi, ndipo sizilowa m'malo mwa chipatala, koma agogo athu ankamwa zimenezi pamene ife tinazisinthanitsa ndi zoziziritsa kukhosi za m'botolo.

Mphamvu zinabwerera pang'onopang'ono. Mpaka pano mkaka wosasasa umawavuta, ndipo akadya zamafuta m'mimba mumawapotokola. Lamlungu lapitali ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero, kuchotsa timiyala kamodzikamodzi. Chitini chija chinali pambali pawo. Ndinachitsegula, ndipo munali mabatani, singano ndi ulusi wa azakhali.