Azakhali: Imvi si lisiti

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wamasiye wa zaka 71, ndimakhala kufupi ndi Kamuzu Road kuno ku Salima. Miyendo inakana, ndimayendera ndodo. Kwabwera chikalata choti ndili ndi ngongole ya msonkho wa nyumba. Mwana wa achimwene anga akuti ndilembetse nyumbayi m'dzina lake kuti azilipira ndi iyeyo. Kodi nkhalamba yolumala ngati ine nayonso izipereka msonkho?

Agogo odandaula, Salima

Agogo anga,

Imvi zikanakhala lisiti, ine ndikanasiya kalekale kulipira minibasi ya ku Senga Bay. Koma kondakitala sayang'ana kumutu, amayang'ana m'manja. Msonkhowu nawonso umatsata nyumba ndi malo.

Poyamba mdzukulu akuwerengereni pamwamba pa chikalatacho. Ngati chachokera ku khonsolo, amenewo ndi ma rates, omwe lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limalola makhonsolo kutolera m'matauni. Ngati n'cha unduna wa za malo, imeneyo ndi ground rent ya malo a lizi. Anzanu a kumudzi kwa a Maganga, okhala pa malo a makolo, sadziwa n'komwe zikalata zoterezi.

Kenako mumange chitenje chanu cha ku tchalitchi chija, mukwere kabaza, mupite nokha ku khonsolo ya Salima ndi chiphaso chaunzika komanso mapepala a nyumba. Safunsa anadya phula. Akuwerengereni ngongoleyo chaka ndi chaka, muwauze m'mene zilili pakhomo, mupemphe kuti akuchepetsereni kapena muzipereka pang'onopang'ono. Pempholo likhale lolemba, ndipo kalata inzake musunge m'chikwama. Ndalama iliyonse mukapereka, lisiti m'manja. Anyamata oyendayenda panja aja, onena kuti "agogo, tikuthamangirani", muwapatse moni basi.

Musabwerere musanagogode ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006, ndi wa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Mufunse ngati inu mungalowemo. A FEDOMA, omenyera ufulu wa anthu aulumali, nawonso muwadziwe.

Tsopano tibwere kwa mwana wachifundo uja. Anali kuti denga likudontha mvula yathayi? Lero wamva kununkhira kwa mapepala ndiye wakumbuka kuti ali ndi azakhali! Agogo, malo a ku Salima kuno akusakidwa ngati chambo. Mukangodinda chala, chaka chamawa mudzaona alendo akuyeza bwalo lanu ndi chingwe, inu mukugona m'khitchini.

Ngati akufunadi kuthandiza, msonkho sufunsa kuti ndalama yachokera m'thumba la ndani. Akalipire m'dzina lanu, akubweretsereni lisiti, ndi kathumba ka shuga pamwamba. Akachita zimenezo zaka zitatu osadandaula, mudzandilemberenso, mwina ndidzamupezera mkazi.

Ndine wanu,
Azakhali