Kuika Makina Oonera Nsomba Kumbuyo kwa Boti

Msodzi wa ku Kaporo, ku Ngara kapena ku Chilumba amene amalowa m'nyanja ndi boti la injini amadziwa kuti mafuta ambiri amathera pofunafuna nsomba. Makina otchedwa fish finder amachepetsa kuyendayenda kumeneku, pakuti amaonetsa kuya kwa madzi ndi pamene nsomba zasonkhana. Koma makinawa amanena zoona pokhapokha kachipangizo kake kokhala m'madzi, kotchedwa transducer, kataikidwa pamalo oyenera.

Mmene kamagwirira ntchito

Kachipangizoka kamatumiza phokoso losamveka ndi khutu la munthu kulowa pansi pa madzi, kenaka kamalimvetsera likamabwerera. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi m'madzi, motero pamalo akuya mamita 75 limapita ndi kubwerera m'gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Makina amawerengera nthawi imeneyi ndi kulemba kuya kwake pa sikirini. Nsomba monga utaka ndi ndunduma zimaoneka chifukwa cha kathumba ka mpweya kamene zili nako m'mimba, kamene kamabweza phokoso mwamphamvu. Mpweya womwewo ndiwo umasokoneza makinawa: thovu likadutsa pansi pa kachipangizoka, phokoso limabwerera lisanapite patali, ndipo sikirini imangoonetsa madontho opanda tanthauzo.

Kusankha malo

Kachipangizoka kamamangidwa pa thabwa lakumbuyo kwa boti, lomwe limanyamulanso injini. Asanaboole, mwini boti ayendetse boti lake, mnzake akuyang'ana madzi otuluka pansi pa thabwalo. Pamene madzi akutuluka osalala, opanda thovu, ndi pamene pali poyenera. Kumbuyo kwa msomali wotuluka, chigamba kapena polumikizana matabwa sikoyenera, chifukwa zinthu zimenezi zimavundula madzi.

Pulopela ya injini zambiri imazungulira ngati muvi wa wotchi munthu akaiyang'ana ali kumbuyo kwa boti. Pa injini yotere, kachipangizoka kakhale kudzanja lamanja, komwe masamba a pulopela amatsikira pansi, ndipo katalikirane nayo masentimita osachepera 30, ngakhale injini itakhotetsedwa mpaka pomaliza.

Kumanga kwake

Mbali yapansi ya kachipangizoka itsike pang'ono chabe kupitirira pansi pa boti, mamilimita 3 mpaka 6, ndipo ikhale yopingasa mofanana ndi pamwamba pa madzi. Ikakwera kwambiri imatuluka m'madzi boti likathamanga. Ikatsika kwambiri imapanga thovu lakelake ndi kukola zinyalala.

Pa boti la matabwa, bowo lililonse ndi khomo la madzi, ndipo thabwa lonyamula injini likawola, ngozi imakhala pafupi, makamaka m'miyezi ya mwera. Ndi nzeru kuyamba kumanga kathabwa kolimba pathabwalo, mabowo ake atathiridwa phula lomatira maboti, kenaka kumangirira kachipangizoka pa kathabwako. Potero kangathe kusunthidwa popanda kuboolanso boti. Zomangira zikhale zachitsulo chosachita dzimbiri.

Waya wake asadulidwe kapena kulumikizidwa ndi wina. Akatalika, apindidwe bwino. Adutse pamwamba pa thabwa, kutali ndi mawaya a injini, omwe amasokoneza chithunzi. Makinawa amagwiritsa ntchito batire ya mavoti 12, ndipo pa waya wofiira payenera kukhala fyuzi ya mlingo wolembedwa m'buku la makinawo.

Kuyesa ndi kusamala

Kuyesa kuyambire pamadzi osaya, pomwe kuya kwake kungapimidwe ndi chingwe chomangirira mwala. Manambala akagwirizana, liwiro liwonjezedwe pang'onopang'ono. Chithunzi cha pansi chikasowa boti likathamanga, kachipangizoka katsitsidwe pang'ono ndi kuyesedwanso.

Maboti ambiri a m'boma lino amakokeredwa pamchenga. Asanakoke, asodzi akweze kachipangizoka, apo ayi kamathyoka kapena kukalika. Kusamala komweku kufunika pafupi ndi mathiriro a North Rukuru ndi Songwe, komwe mchenga umasuntha mvula ikagwa. Ndere zikamera pa kachipangizoka zichotsedwe ndi nsalu yofewa, osati ndi mpeni.

Makinawa sasintha malamulo a usodzi. Chiphaso, kukula kwa maso a ukonde ndi kuteteza malo oswerana nsomba zikadali m'manja mwa Dipatimenti ya Usodzi ndi makomiti a BVC, ndipo msodzi woona gulu la tiana ta nsomba pa sikirini ayenera kulisiya kuti likule.