Hijama ndi sunnah, koma lumo lake ndi la munthu mmodzi



Chiyambire pomwe Michael Phelps anasambira ku Rio mu 2016 ali ndi zipsera zozungulira paphewa, zithunzi za makapu omatidwa kumsana sizikutha pa Facebook. Ambiri akuti ndi mankhwala a ku China. Sakunama ayi. Sing'anga wa kumeneko Ge Hong, wa m'zaka za m'ma 300, analemba za kuyamwa zithupsa ndi nyanga, ndipo lero amayatsa kamoto m'kapu yagalasi, n'kuivundikira pakhungu kuti ikoke. Koma kafunseni agogo kuno ku Luwawa za kulumika. Akuuzani za kutema mphini, kuika nyanga, n'kuyamwa magazi. Sizachilendo kwathu kuno.

Ife timaitcha hijama. Mu Sahih Bukhari muli nkhani yoti Mtumiki (SAW) analumikidwa ndi Abu Taybah ndipo anamulipira, komanso anaitchula hijama pamodzi ndi uchi pa zinthu zochiritsa. Ma hadith a Tirmidhi ndi Abu Dawud amatchula tsiku la 17, 19 ndi 21 la mwezi wa Chisilamu. Za swaumu ma ulama anasiyana: a Hanbali amati imamasula, a Shafi'i, omwe ambirife timatsatira, amati siimasula, ngakhale ndi bwino kudikira dzuwa lilowe kuti munthu asafooke.

Nanga imathandiza chiyani? Kafukufuku amene alipo, yemwe ambiri ndi wa anthu ochepa, akusonyeza kuti ena amapezako bwino kwa kanthawi pa ululu wa msana ndi khosi. Ameneyo ndi phindu ndithu kwa munthu amene wasenza matabwa tsiku lonse. Koma zoti imachiza shuga, BP kapena HIV, palibe umboni wake. Magazi akuda aja mumawaona m'kapu si "poizoni", ndi magazi amene agwirana basi. Wina akakuuzani kuti musiye ma ARV chifukwa mwachita sunnah, ameneyo akuseweretsa moyo wanu ndi dzina la dini.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi lumo. Makapu apulasitiki ndi kapampu kake munthu atha kubwera nazo kuchokera ku Johannesburg, n'kuonera vidiyo ziwiri pa YouTube, mawa lake wayamba kutema anzake pambuyo pa Jumu'ah. Hepatitis B imakhala yamoyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu kapena kupitirira, ndiye kupukuta kapu ndi kansalu sikukwanira. Lumo likhale latsopano, alitsegule inu mukuona. Makapu akhale anu nokha, ndipo wolumikayo avale magolovesi. Kufunsa zimenezi si kusowa tawakkul.

Mlongo woyembekezera, munthu wochepa magazi kapena amene wangodzuka kumene ku malungo, ndi amene akumwa mankhwala oletsa magazi kugwirana monga warfarin, asalumikidwe asanaonane ndi adokotala. Ndipo ngati msana wakhala ukuwawa milungu ingapo, thupi likutentha kapena miyendo ikuchita dzanzi, yambani mwapita kuchipatala cha boma ku Mzimba akakuyezeni.